Mpando wa Amalume ku Maphunziro

4 Febuluwale

Amayi,

Ndani anakhazikitsa lamulo loti kumaphunziro kuzipita munthu amene wakhalitsa pantchito? Ndafunsa fakitale yonse, palibe akudziwa. Aliyense akungoti, "Ndi mmene timachitira." Ngati zaka ndiye nzeru, bwanji osatumiza chitseko cha pageti, poti chinafika tonsefe tisanafike?

Pepani, ndayamba ndi mkwiyo osapereka moni. Muli bwanji? Mwendo uja ukupwetekabe? Ine thupi lili bwino, mtima ndi umene ukuwira. Poti foni yanu ija inagwera m'ndowa simunakonzetsebe, kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole yathu amene amadutsa kwanuko sabata iliyonse. Yankho muzimupatsa yemweyo.

Nkhani ndi iyi. Bungwe la olemba anthu ntchito, limene mwini fakitale yathu ya makatoni ndi membala wake, limachititsa maphunziro chaka chilichonse. Fakitale iliyonse amaipatsa mpando umodzi. Umodzi basi. Kuno mpando umenewo ndi wa amalume, poti ndiwo akapitawo ndipo palibe wowaposa zaka. Apitako kasanu ndi kanayi. Masatifiketi onsewo ali m'kabati ya muofesi mwawo, pamodzi ndi kapu ya tiyi ndi sokosi zakale. Akabwerako satisonkhanitsa, satiuza kanthu. Ukawafunsa kuti mwaphunzira chiyani, amangoti, "Zambiri," n'kumapita.

Chaka chino maphunzirowo ndi a makina atsopano odula ndi kupinda makatoni, oyendera kompyuta, amene afike mu Meyi. Amene apiteyo ndiye adzawayendetse. Amayi, ine ndinatha zaka zinayi ku yunivesite ndikuphunzira zomwezi. Pano ndatha chaka ndi miyezi itatu ndikumanga mitolo ya makatoni ndi chingwe, anthu akundiseka, "A Digiri, tabweretsani guluu."

Ndinakwera kwa abwana. Kuno timawatcha a Tionamawa, mumva chifukwa chake. Ndinati, "Bwana, mpando wa chaka chino ndikuufuna ine." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Kapitawo akudziwa kuti wabwera kuno?" Ndinati ayi. Anati, "Tiona mawa."

Amalume nawo ndikawayamba amangoti, "Dekha, mwana iwe." Ndidekhe mpaka imvi? Achimwene anuwo amamvera inu nokha. Alankhuleni. Tsobola wakale sawawa, auzeni choncho.

Ndine mwana wanu.


12 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni. Mwendo ukupeza bwino, ndayamba kufika kumsika ndekha. Denga la kukhitchini likudonthabe pamalo pomwe paja. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiri nditakhala pansi.

Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa ana asukulu, ndipo ana onga iwe ndimawadziwa. Dzanja lili m'mwamba funso lisanathe. Nthawi zambiri amakhoza, ndiye vuto lake, chifukwa sazolowera kulakwa.

Za tsobola sindikawauza amalume ako. Ukawauze wekha ngati pakamwa pako pali polimba choncho. Utamaliza sukulu unakhala pakhonde pano miyezi khumi ndi umodzi ukulemba makalata ofunsira ntchito, palibe anakuyankha. Amene anavala jekete n'kukagogoda kwa abwana akewo chifukwa cha iwe, wamuiwala? Lero ukumuyerekeza ndi chitseko.

Sindikuti ukunama. Mwina lamulolo ndi lopusadi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Amalume ako salankhula zambiri, sizitanthauza kuti saganiza.

Ukudya mokwanira? Pachithunzi chija unatumiza khosi latalika.

Amayi ako.


25 Febuluwale

Amayi,

Moni. Ndasangalala kumva za mwendo. Ndikudya, musadandaule. Koma lero ndili ndi funso limodzi, ndipo musandiyankhe ndi mwambi.

Lolemba kalata yoitanira kumaphunziro inafika. Amalume anandiitanira muofesi mwawo n'kuti, "Tandiwerengera apa, magalasi ndaiwala kunyumba." Magalasiwo ine ndikuwaona ali m'thumba la malaya. Ndinawerenga, koma zinandikhala pamtima. Ndinayamba kukumbukira. Chikalata chilichonse chikabwera, magalasi aiwala. Akakhala nawo, manja ali ndi girisi. Manja akakhala oyera, ali pachangu.

Mawa lake ndinatenga pepala lija limabwera ndi migolo ya guluu, lofotokoza kasungidwe kake. Ndinati, "Amalume, nayi ndondomeko ya maphunziro anu." Anavala magalasi. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, mutu akugwedeza. Kenaka anati, "Chaka chino akonza bwino."

Pepala la guluu, Amayi!

Achimwene anu sadziwa kuwerenga. Zaka zisanu ndi zinayi akhala akutenga mpando wa fakitale yonse, kukakhala m'kalasi momwe zonse ndi zolembedwa, kubwera ndi mabuku oti sangawatsegule. Ndiye chifukwa chake satiphunzitsa kanthu! Ndipo chaka chino akufuna akaphunzire makina oti sungawayatse popanda kuwerenga zimene alemba pagalasi lake. Ine ndizimanga chingwe.

Munkadziwa? Inu mphunzitsi, munkadziwa n'kumandiuza za maso a nkhono?

Mafomu akuyenera kubwezedwa kubungwe pasanafike pa 31 Malichi. Ndikupatsani sabata imodzi. Ngati simuwalankhula kuti atule okha mpandowu, ndilembera bungwe. Sindikuopseza, ndikukudziwitsani.

Mwana wanu.


13 Malichi

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale kuti simunafune kundiyankha. Ndinadikira. Lole ya kwanuko sindinaione, dalaivala sanandifune. Ndinadziwa kuti mwasankha mbali ya achimwene anu, ndiye ndinalemba.

Dzina langa sindinaikepo. Ndinangoti fakitale yakutiyakuti imatumiza chaka ndi chaka munthu wosadziwa kuwerenga, pomwe pali achinyamata ophunzira, ndipo bungwe lione ngati maphunziro ake akupindulira anthu. Palibe bodza limene ndinalemba. Ndinkayesa kuti angowauza abwana mwakachetechete kuti asinthe dzina.

Dzulo m'mawa a Tionamawa anatsika masitepe, chinthu chimene sachita. Analamula kuti makina onse azimitsidwe. M'fakitale muno mukakhala zii mumamva ngakhale guluu akudontha. Anali ndi kalata ya bungwe m'manja. Anati, "Kapitawo, tabwerani muwawerengere anzanu izi."

Amalume analandira pepalalo. Anavala magalasi. Tonse tili chilili, anthu makumi anayi. Patapita nthawi anavula magalasi aja, anawapinda bwinobwino, n'kubweza pepala. Anati, "Bwana, mukudziwa kale. Musandivutitse."

Abwana anakuwa kuti awachititsa manyazi pamaso pa eni mafakitale anzawo, kuti kumsonkhano wa bungwe anthu akuwaseka. Anawalanda kiyi wa ofesi pomwepo. Pano awaika kushedi yakuseri, komwe timaunjika zidutswa za makatoni. Za amene apite kumaphunziro sananene.

Ine sindinapemphe zimenezo. Munthu wamkulu kumuvula pagulu choncho ndi nkhanza, ndipo nkhanzayo ndi ya abwana, si yanga. Koma anthu kuno asiya kundilankhula. Ngakhale "a Digiri" uja watha. Mayi wa pa guluu anangondidutsa n'kuti, "Kalata yopanda dzina, koma Chingerezi chake tikuchidziwa." Ndikafika pabenchi ya nkhomaliro, aliyense amakumbukira kuti ali ndi kopita.

Mukanandiyankha, zonsezi sizikanachitika. Mzere umodzi wokha. Chinakukanikani n'chiyani?

Mwana wanu.


1 Malichi
(inafika pa 19 Malichi)

Mwana wanga,

Moni. Ndikulemba mothamanga kuti kalatayi ipite ndi lole ya sabata ino. Usalembere aliyense. Wamva? Usalembe.

Inde, ndinkadziwa. Bambo athu atamwalira ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amalume ako zisanu ndi zinayi. Sukulu inali ya mmodzi. Iwo anati, "Apite mlongo wangayu, mutu wake ndi wopepuka." Anayamba kunyamula katundu pa siteshoni ya basi. Yunifolomu yanga yoyamba anagula ndi iwo. Nditakhala mphunzitsi ndinawapempha kangapo kuti ndiwaphunzitse, anakana. Anati sangakhale pabenchi mlongo wawo wamng'ono ali ndi choko. Kunyada kumeneko ndi kwa magazi athu, iwenso uli nako. Koma kuwayesa ndi pepala la guluu, mwana wanga, ndachita manyazi m'malo mwako.

Tsono tamvera. Lamulungu lapitali anabwera kuno. Anandiuza chinthu n'kundilumbiritsa kuti ndisakuuze, koma ndikuswa lumbirolo chifukwa cha kalata yako. Mpando wa chaka chino anakupemphera kale kwa abwana, ndipo abwana avomera. Anati, "Makina akubwerawa ndi a ana ophunzira, ine ndafika pothera." Sanafune kukuuza okha chifukwa anzako angamati ndi zachibale. Akufuna abwana adzalengeze pamaso pa onse pakati pa mwezi uno, kuti ulemu ukhale wako. Anandifunsanso kuti umavala nsapato za saizi yanji, akufuna akugulire zachitsulo kutsogolo zoti ukavale kumeneko.

Ungokhala chete sabata ziwiri. Sunachitepo chiyambire, koma yesa.

Amayi ako.


20 Malichi

Amayi,

Moni sindikudziwa ndipereke bwanji. Kalata yanu ya pa 1 ndailandira dzulo. Lole inathyoka panjira, inakhala kugalaja sabata ziwiri, kalata yanu ili m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi masipanala. Dalaivala wandipatsa akuseka, ati, "Chemwali, nkhani za kumudzi siziwola." Ndinafuna kumuponyera mtolo wa makatoni kumaso.

Ndinathamangira kwa abwana kukafunsa ngati ndi zoona. Anatsegula dirowa, anandiponyera fomu patebulo, dzina langa litalembedwa kale. Anati, "Mpandowu unali wako kuyambira mwezi watha. Malume ako anandichonderera ataima pomwe waimapo. Wawotcha nyumba pofuna kulowa pakhomo potsegula."

Ndakwiya, Amayi, ndipo sindikudziwa ndiyambire kwa ndani. Dalaivala, sabata ziwiri osakumbukira kalata ya munthu. Abwana, amene ankadziwa kuti munthuyo watula kale mpando koma anamuvulabe pagulu kuti mtima wawo uzizire. Inu, zaka zonsezi osandiuza kuti choko chanu anakugulirani ndi msana wawo. Amalume nawonso! Timagwira pabwalo limodzi. Kuchoka pamene ndimamanga chingwe kufika kuofesi kwawo ndi mapazi makumi awiri. Nkhani ya ine anakwera nayo basi maola anayi kukauza inu, ine osandiuza. M'banja muno aliyense amakonda mnzake mobisa, ngati ndi mlandu. Munthu akanangotsegula pakamwa!

Wotsalayo ndi ine ndemwe, ndikudziwa, musandiuze. Ndikatseka maso ndikuona magalasi aja akupindidwa.

Ndinapita kushedi. Anali akuponda zidutswa kuti zilowe m'thumba. Ndinati, "Amalume." Sanatembenuke. Ndinanenanso. Anauza mpweya kuti, "Pano ndi pa zinyalala, anthu a madigiri angadetse malaya."

Kumaphunziroko sindipita. Fomuyi ndiibweza kwa abwana Lolemba. Aipatse chitseko cha pageti.

Mwana wanu.


24 Malichi

Iwe mwana wa mlongo wanga,

Moni. Kalatayi akundilembera mlonda wa pageti, poti tsopano palibe chobisa. Kukuyang'ana kumaso sindinakonzeke, ndiye umve papepala, paja ndi pomwe umamvera.

Ndamva kuti ukufuna kubweza fomu. Usayerekeze.

Unalemba kuti kumaphunziro ndinkangotenthetsa mpando. Safunsa anadya phula. Ine ndinkakhala kutsogolo. Ena akamalemba, ine ndinkayang'ana manja a mphunzitsi. Akamaliza ndinkati, "Aphunzitsi, ndigwireko." Ndikabwera kuno sindinkaitana msonkhano, chifukwa pamsonkhano pamafunika bolodi ndi choko. Ndinkangochita.

Mizere yachikasu imene umaponda tsiku ndi tsiku, yoonetsa podutsa anthu ndi podutsa ngolo, ukuyesa inamera yokha? Ndinajambula ndine, chaka chachitatu. Loko amene timakhoma pa switchi munthu akamakonza mpeni, kuti wina asayatse, ndi wa chaka chachisanu. Chotchingira cha pampeni waukulu ndinakangana ndi abwana miyezi inayi kuti agule. Ndisanayambe kupita kumeneko, anthu atatu anasiya zala m'fakitale muno. Mmodzi ndi amene akulemba kalatayi, ndiye chifukwa chake ali pageti. Kuyambira pa loko uja palibe chala chagwa. Mawa uyang'ane manja a anzako.

(Ine mlonda ndikuti zimenezi ndi zoona. Zilembo zikapendama mundikhululukire, cholembera ndimagwira ndi zala zitatu.)

Pa lamulo lija sunalakwe. Ndinaliona ndekha kuti lakalamba, n'chifukwa chake ndinakwera kwa abwana. Kulakwa kwanga n'koti sindinakuuze. Kulakwa kwako n'koti unalemba mopanda dzina. Munthu ukamabaya mnzako, uziima poti akuone.

Tsono ukabweza fomu, mpando upita pachabe, makina abwera, abwana alemba mlendo. Ndiye kuti ine ndakhala pa zinyalala popanda chifukwa. Wandichotsa kale, usandichotsenso kachiwiri. Pita. Ukakhale kutsogolo. Ukapemphe kugwira.

Nsapato zili kwa mlonda. Zikakuthina usandiuze.

Malume ako.


7 Meyi

Amayi,

Moni. Muli bwanji, ndi mwendo, ndi denga lija? Pepani ndakhala chete. Ndinalumbira kuti sindilembanso kalata ndili wokwiya, koma ndaona kuti ndikatero simudzamvanso za ine.

Ndinapita. Sabata zitatu, nsapato zikundithina, ndili kutsogolo. Satifiketi ndili nayo, ndinakhoza kuposa onse. Koma tsiku loyamba, ndisanalowe m'kalasi, ndinaima pa desiki ya mayi wolandira alendo kubungweko n'kunena kuti kalata yopanda dzina ija ndinalemba ndine. Ndinatchula dzina langa lonse. Ndinapempha kuti andilembere mawu ena pansi pake, za mizere, za loko, za zala. Mayiyo anati mafailo sasinthidwa. Ndinakhala pabenchi mpaka anatopa nane n'kundipatsa pepala.

Mphunzitsi wathu atamva dzina la fakitale anati, "Mdala uja wa 'ndigwireko' ali kuti?" Ndinamuuza zonse. Kenaka anatenga buku la malamulo a bungwe n'kunditsegulira tsamba lakumapeto. Palembedwa kuti munthu amene wagwira ntchito zaka zoposa khumi angathe kuyesedwa pamakina penipeni, woyesa akumufunsa pakamwa, popanda cholembera, ndipo satifiketi yake ndi yofanana ndi ya wina aliyense. Chofunika ndi fomu imodzi yosainidwa ndi mwini fakitale. Lamulo limeneli lakhalapo zaka zonsezi, Amayi. Buku lomwelo lili muofesi mwa abwana, akutchingira zenera kuti lisamenyetseke. Tonse odziwa kuwerengafe palibe analitsegula. Ine ndemwe, wa digiri, ndinalemba kalata yodandaula ndisanawerenge malamulo a anthu amene ndinkawalembera.

Nditabwerako ndinapita nayo fomuyo kwa abwana. Ndinati asaine, woyesa abwere, amalume akakhoza abwerere pa ukapitawo. Anati, "Tiona mawa." Ndinapitanso. Tiona mawa. Kachitatu anati, "Iwe si uja unkafuna achoke?" Ndinati ndinkafuna mpando, sindinkafuna munthu.

Amalume sakundilankhulabe bwinobwino. Koma nthawi ya nkhomaliro ndimapita kushedi ndi buku la makinawo, n'kumawerenga mokweza ngati ndikudziwerengera ndekha. Iwo amaponda zidutswa, msana atandipatsa. Lachitatu ndinawerenga za kathinidwe ka mpeni, ndinangomva, "Akunama amenewo. Katoni ikakhala ndi chinyezi umamasula pang'ono, apo ayi ing'ambika." Ndinalemba m'mphepete mwa tsamba. Sanatembenuke, koma anati, "Pitiriza."

Makina anafika Lolemba. Amisiri owamanga amaliza dzulo, apita. Pali oda yaikulu ya makatoni imene ikufunika Lachisanu, ndipo makina akale sangaithe. M'fakitale monse muno, wololedwa kuyatsa atsopanowa ndine ndekha.

Lero m'mawa abwana anatsikanso masitepe, atavala tayi, anthu onse ataunjikana. Anati, "A Digiri, tiyeni, tionetseni." Mwina mawa ndikhala ndilibe ntchito, mukonze pakhonde paja. Koma ndinapita kukatenga loko wa amalume, ndinamukhoma pa switchi, kiyi ndinaika m'thumba. Fomu ya amalume ija ndinaiyala pamwamba pa makina, cholembera pambali pake. Kenaka ndinakoka mtolo wa makatoni, ndinakhalapo, n'kupinda manja.

Mwana wanu.